Kamakina ka X-ray Koyezera Zitsulo M'zomera ndi M'zakudya: Kamaona Chiyani, Kamaphonya Pati?

Pa intaneti pafala timavidiyo ta anthu atagwira kamakina kooneka ngati mfuti yachidole. Munthu amakagunditsa pa paketi ya zokometsera chakudya, pa tsamba kapena pa mafuta odzola, kudikira timasekondi, kenako pakagalasi kake n'kutuluka manambala. Akatero amalengeza kuti m'menemu muli mtovu, kapena kuti m'menemu mulibe kanthu, idyani mosadera nkhawa. Oonera amagawanika: ena amakakhulupirira ndi mtima wonse, ena amati ndi zachinyengo.

Kamakinaka si kachinyengo. Dzina lake ndi portable XRF, ena amafupikitsa kuti pXRF, ndipo tanthauzo lake ndi makina onyamula m'manja amene amazindikira zimene zili m'chinthu pochiwalitsa ndi cheza cha X-ray. Makampani monga Thermo Fisher, Bruker ndi Hitachi amapanga makina otere, ndipo a m'migodi ndi ogula zitsulo zakutha akhala akuwadalira kwa zaka zambiri. Nkhani imavuta kamakinaka kakachoka pa mwala ndi chitsulo n'kupita pa tsamba, mbewu, nyama kapena tsitsi. Pamenepo nambala imatulukabe, koma kuti ikhale yoona pamafunika zambiri zimene m'timavidiyo timene tija sizioneka.

Mawu awiri ofunika kuwamvetsa

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, ndipo mitundu ya maatomuwo imatchedwa maelementi: kaboni, okosijeni, ayironi, zinki, mkuwa, mtovu ndi ena. Maelementi ena amapezeka m'thupi la chamoyo pang'ono zedi, ndipo akatswiri amawatcha trace elements. Ena mwa iwo ndi ofunika pa moyo, monga zinki, ayironi ndi selenium. Ena ndi poizoni, monga mtovu, cadmium, arsenic ndi mercury. Muyezo wake ndi mamiligalamu pa kilogalamu, amene amalembedwa mg/kg kapena ppm. Kuti tione kuchepa kwake, 1 mg/kg ndi galamu imodzi yomwazidwa mu tani yathunthu.

Mawu achiwiri ndi organic. Pano sakutanthauza mbewu zolimidwa popanda feteleza ayi. Akutanthauza chinthu chochokera ku chamoyo, chimene thunthu lake ndi kaboni, haidirojeni, okosijeni ndi nayitirojeni: masamba, ufa, nyama, nsomba, zikhadabo, matabwa. Maelementi anayiwa musawaiwale, chifukwa mavuto ambiri amene tifotokoze akuchokera pa iwo.

Zimene zimachitika munthu akadina batani

M'kati mwa kamakinaka muli kachubu kamene kamatulutsa cheza cha X-ray, cha mtundu womwe uja amajambulira mafupa kuchipatala, chimene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895. Kachubuka kamagwira ntchito ndi mphamvu ya magetsi yofika mavoti 40,000 kapena 50,000. Chezacho chimatulukira pakazenera kakumphuno n'kulowa m'chinthu chikuyezedwacho.

Atomu ili ndi timaelekitironi timene timakhala m'mizere mozungulira phata lake, mzere wam'kati, wotsatira, mpaka wakunja. Cheza chikamenya atomu mwamphamvu, chimagwetsa elekitironi imodzi ya mumzere wam'kati. Malo otsalawo sakhalitsa. Elekitironi ya mumzere wakunja imagwera pomwepo, ndipo pogwapo imatulutsa kacheza kakekake ka X-ray. Kuwala kobwereraku ndiye kumatchedwa fluorescence.

Chimene chimachititsa kuti njirayi ithandize n'chakuti elementi iliyonse imabweza cheza cha mphamvu yakeyake, monga mmene belu lililonse limalirira mosiyana ngakhale mutawamenya onse ndi chitsulo chimodzi. Henry Moseley, wasayansi wa ku England, ndiye anaonetsa mu 1913 kuti mphamvuyi imakwera mwadongosolo motsatira nambala ya atomu, imene ndi malo a elementi pa mndandanda wa maelementi kuyambira wopepuka kwambiri.  Mphamvu ya chezayi amaiyeza ndi muyezo wotchedwa keV. Ayironi amalira pa 6.40 keV, mkuwa pa 8.05, zinki pa 8.64.

Pafupi ndi kazenera kaja pali kachipangizo ka silicon kamene kamagwira ticheza tobwererato, kamodzikamodzi, n'kumatiika m'magulu malinga ndi mphamvu yake. Pomaliza pamatuluka chithunzi chooneka ngati mzere wa mapiri. Pamene phiri laima ndi pamene pamasonyeza dzina la elementi, ndipo kutalika kwake kumasonyeza kuchuluka kwake. Kakompyuta kam'kati ndiye kamasandutsa kutalikako kukhala nambala ya mg/kg. Apa n'pofunika kumvetsetsa: kamakinaka sikayeza kulemera kwa chilichonse. Kamawerenga ticheza, kenako n'kuwerengetsera motsatira zimene anakaphunzitsa.

Sikaona thunthu la tsamba

Maelementi opepuka amabweza cheza chofooka kwambiri moti chimathera mumpweya kapena pakazenera chisanafike pa kachipangizo kowerenga. Makina am'manja abwino amayambira kuona pa magnesium kupita ku maelementi olemererapo. Kaboni, okosijeni ndi nayitirojeni sakawaona, ndipo haidirojeni sabweza n'komwe cheza choterechi. Koma tsamba louma, magawo oposa 90 pa 100 alionse ndi maelementi anayi omwewa. Ndiye kuti kamakinaka kakaloza tsamba, kamaona kachigawo kochepa, zotsalazo kamangoganizira.

Komanso maelementi opepukawa sangokhala chete. M'malo momeza cheza chochokera m'kachubu, amachimwaza, china n'kubwerera m'kamakina. Kumwazika kumeneku kumadziwika ndi dzina la Arthur Compton, amene anakufotokoza mu 1923. Cheza chomwazikacho chimadzaza pansi pa mapiri aja ngati chiphokoso cha mvula padenga la malata. Munthu wofuula mumamumvabe, koma wonong'ona ndiye ayi. Ma trace elements ndi onong'ona amenewo.

Pali ubwino wake pang'ono. Popeza chinthu chopepuka sichimeza cheza kwambiri, zinki wa m'tsamba amabweza cheza chochuluka kuposa zinki wa muyezo womwewo ali m'dothi. Koma ubwino womwewu umasanduka msampha kwa munthu amene watenga makina okonzedwera dothi n'kuyezera masamba, chifukwa kakompyuta kamawerengetsera ngati ndi dothi, ndipo nambala imaphonya, nthawi zina mowirikiza.

Kukhuthala, madzi ndi fumbi

Pa chitsulo, cheza chimangolowa pang'ono kwambiri, kosafika ngakhale milimita imodzi, choncho kukhuthala kwa chitsulocho sikuvuta. Pa zinthu zochokera ku zamoyo chimalowa patali, ndipo kuzama kwake kumasiyana pa elementi iliyonse. Cheza cha potaziyamu, cha 3.31 keV, chimachokera pamwamba penipeni. Cha zinki chimachokera mpaka mamilimita angapo m'kati. Cha cadmium, cha 23 keV, chimatha kuchokera masentimita angapo. Choncho sampulo imodzi yomweyo ikhoza kukhala yokhuthala mokwanira pa potaziyamu koma yopyapyala pa cadmium. Sampulo ikapyapyala, ticheza timachepa, nambala n'kusokonekera.

Tsamba limodzi nthawi zambiri silifika milimita imodzi. Mukaligoneka pa tebulo n'kuliyeza, cheza chimaboola tsambalo n'kukafika patebulo, ndipo zimene mukuwerengazo ndi za tsamba ndi tebulo lomwe. Ngati tebulolo linapakidwa penti wakale wa mtovu, tsamba losalakwa limasenza mlandu. Ine ndikaona kavidiyo ka munthu akuyeza kanthu kopyapyala, maso anga amathamangira pa chimene chili pansi pake.

Madzi nawo amasokoneza pawiri. Tsamba laliwisi, magawo 80 mpaka 90 pa 100 amatha kukhala madzi. Madziwo amasungunula muyezo, chifukwa zinki yemweyo wagawikana mu kulemera kochuluka, komanso amameza ndi kumwaza cheza. Anthu awiri akayeza masamba a mtengo umodzi, wina aawisi wina ouma, apeza manambala otalikirana, ndipo aliyense adzalumbira kuti makina a mnzakeyo ndi owonongeka. N'chifukwa chake lipoti labwino limanena ngati muyezowo ndi wa chinthu chouma kapena chachiwisi.

Kenako pali kusasakanikirana bwino. Kazenera kaja kamaona kadera kosapitirira sentimita imodzi m'mimba mwake. Mu njere ya tirigu kapena mpunga, zinki ndi ayironi amachuluka m'timakungu takunja ndi pa kamtima komerera, pamene pakati poyera pamakhala pochepa. Kuyeza njere zathunthu kumapereka yankho lodalira mmene njerezo zagonera. Fumbi ndiye mdani wina. Dothi lili ndi ayironi wochuluka kwambiri kuyerekeza ndi chomera, moti kafumbi kosaoneka ndi maso kakhoza kukweza nambala ya ayironi pa tsamba. Odziwa ntchito amayang'ana titanium ndi aluminium, amene zomera zambiri sizitenga kwenikweni. Awiriwa akakwera limodzi ndi ayironi, amadziwa kuti akuyeza dothi.

Njira yopewera zonsezi siyachilendo, koma imadya nthawi. Sampulo amaitsuka, kuiumitsa mu uvuni pa madigiri 60 kapena 70, kuipera mpaka ikhale ufa wosalala, n'kuitsendera kuti ikhale kambulu kolimba kapena kuithira m'kakapu kokhala ndi kapulasitiki kopyapyala zedi kunsi kwake. Ngakhale chopererachonso amasankha, poti chachitsulo chimasiya ayironi ndi chromium mu ufawo. Mukaonetsetsa, pofika pamenepa kamakina kam'manja kaja kabwereranso m'labotale, kangokhala dzina lokha lakuti konyamula.

Kuphunzitsa makina

Makina ambiri amachoka kufakitale atakonzedwera dothi, miyala ya m'migodi, zitsulo kapena mapulasitiki. Kuti ayeze bwino zomera kapena nyama, amafunika kuwaphunzitsa mwatsopano, ntchito imene imatchedwa calibration. Munthu amatenga masampulo a mtundu womwewo amene muyezo wake ukudziwika kale, kuwayeza, n'kuona kuti ticheza tochuluka chonchi tikuimira mamiligalamu angati. Zili ngati kuyesa sikelo ndi mwala wodziwika kulemera kwake musanayambe kuyezera katundu.

Miyala yoyesera yotereyi ilipo ndithu. Bungwe la boma loona za miyezo ku United States, lotchedwa NIST, limagulitsa ufa wa masamba a apulo, a pichesi, a tomato ndi a sipinachi, ufa wa tirigu ndi wa mpunga, ngakhale chiwindi cha ng'ombe chouma, chilichonse chili ndi chikalata chonena kuchuluka kwa elementi iliyonse. Njira ina ndi kutumiza ena mwa masampulo anu ku labotale yaikulu yokhala ndi makina otchedwa ICP-MS. Kumeneko sampulo amaisungunula mu asidi, ndipo makinawo amaona muyezo wochepa kuwirikiza nthawi 1,000 kapena kuposa poyerekeza ndi kamakina kam'manja. Manambala a kumeneko ndiwo amakhala mphunzitsi.

Calibration ya masamba siigwira pa chiwindi, ndipo ya ufa wouma siigwira pa nsomba yaiwisi. Zikumveka zodziwikiratu, koma apa ndi pamene ambiri amadumpha.

Mapiri akagundana

Vuto lina ndi la maelementi olira mofanana. Odziwika kwambiri ndi arsenic ndi mtovu. Phiri lalikulu la arsenic lili pa 10.54 keV, la mtovu pa 10.55. Kachipangizo kowerenga kaja sikangathe kusiyanitsa mapiri oyandikana chonchi, chifukwa phiri lililonse ndi lotambalala kupitirira 0.1 keV. Mwayi wake n'ngwakuti onse awiri ali ndi mapiri achiwiri, mtovu pa 12.61, arsenic pa 11.73, ndipo kakompyuta kamagwiritsa ntchito amenewa powalekanitsa. Komabe mtovu ukachuluka, arsenic wochepa amabisala kumbuyo kwake. Nthawi zina kamakinaka kamalemba arsenic pamene palibe.

Cadmium ali ndi tsoka lake. Phiri lake laling'ono lili pa 3.13 keV, pafupi ndi la potaziyamu, ndipo zomera ndi zodzaza potaziyamu. Choncho pamatsala phiri la pa 23 keV, kumene chiphokoso chija chimachuluka. Ichi n'chifukwa chake wodziwa ntchito sakhutira ndi manambala a pagalasi, amatsegula chithunzi cha mapiri n'kuona ndi maso ake ngati phirilo lilipodi.

"Sikanapeze" sikutanthauza "mulibe"

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa munthu wamba. Makina alionse ali ndi malire a kuchepa kumene angathe kuona, ndipo pagalasi pamalembedwa LOD (dzina la malirewo) kapena ND (kutanthauza "sikanapeze") muyezo ukakhala pansi pa malirewo. Pa makina am'manja, sampulo itakonzedwa bwino, malire a maelementi monga mtovu, arsenic ndi zinki amakhala mamiligalamu angapo pa kilogalamu. Pa cadmium nthawi zambiri amakwererapo.

Tsopano yerekezani ndi malamulo a chakudya. Bungwe la Codex Alimentarius, lomwe lili pansi pa FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi za umoyo, linaika malire a cadmium mu mpunga wopuntha pa 0.4 mg/kg, a arsenic wa mtundu woopsa kwambiri mu mpunga womwewo pa 0.2 mg/kg, ndi a mtovu mu mbewu za mtundu wa tirigu pa 0.2 mg/kg. Ngati kamakina kamayambira kuona pa 2 mg/kg, cadmium wa mu mpunga akhoza kuchuluka pafupifupi kasanu kuposa malire a lamulo, pagalasi n'kulembedwabe ND. Kamakinako sikananame. Kanena kuti sikanaone, ndipo munthu ndi amene wamva kuti mulibe.

Kutalikitsa nthawi kumathandiza, koma mouma manja. Kuti chiphokoso chichepe ndi theka, nthawi iyenera kuwirikizidwa kanayi. Kuchoka pa masekondi 30 kufika pa mphindi 2 kumapindulitsa. Kuti mupindulenso chimodzimodzi, mudikire mphindi 8, kenako 32. Penapake munthu amangovomereza kuti funso lakelo ndi la ku labotale yaikulu.

Palinso china chimene XRF singanene ngakhale itayeza tsiku lonse. Imawerenga maatomu, osasamala kuti agwirana ndi chiyani. Arsenic wambiri wa mu nsomba za m'nyanja yamchere ali mu mtundu wotchedwa arsenobetaine, umene thupi limautulutsa osavulala kwenikweni, pamene wa m'madzi a m'zitsime zina ndi poizoni weniweni. Kwa kamakinaka onsewa ndi arsenic basi. Ndi chimodzimodzi chromium, amene mtundu wake wina ndi wosaopsa kwenikweni koma wina umayambitsa khansa.

Kumene kamakinaka kaonetsa mphamvu

Wina angaganize kuti ndiye kalibe ntchito. Ayi ndithu. Pamene muyezo ndi waukulu, palibe chida china chofulumira ngati chimenechi.

Chitsanzo chomveka ndi cha turmeric, chokometsera chakudya chachikasu, ku Bangladesh. Ofufuza a ku Stanford University ndi a bungwe lofufuza za umoyo la icddr,b la ku Dhaka anafalitsa mu 2019 zimene anapeza, zakuti ena okonza mizu ya turmeric ankaipaka utoto wachikasu wa m'mafakitale wotchedwa lead chromate kuti ioneke yowala pamsika. Ufa wina unali ndi mtovu woposa 1,000 mg/kg. Muyezo wotero si kunong'ona, ndi kukuwa, ndipo kamakina kam'manja kamaumva m'timasekondi. Kamaonetsanso chromium pambali pa mtovu, zomwe zimaloza utoto umenewo. Akuluakulu oona za chakudya analowa m'misika ndi makinawa n'kumayeza pamaso pa ogulitsa. Lipoti la ofufuza omwewo la mu 2023 linati masampulo a m'misika opezeka ndi mtovu anatsika kuchoka pa 47 pa 100 alionse mu 2019 kufika pa ziro mu 2021. Sikuti makina okha ndiwo anachita zimenezi, panalinso chenjezo la boma ndi zilango, koma kudziwa kuti woyeza akhoza kutulukira n'kupereka yankho pomwepo kunasintha zinthu.

Mafuta oyeretsa khungu ndi nkhani yofanana. Pangano la Minamata la mu 2013, limene mayiko anagwirizana pofuna kuchepetsa mercury, linayamba ndi kuika malire a mercury mu zodzola pa 1 mg/kg, koma mafuta ena apezeka ndi mercury wa masauzande a mg/kg. Kamakinaka sikangatsimikize kuti botolo lili pansi pa 1 mg/kg, koma kamagwira mosavuta la 10,000.

Ntchito imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya m'nyumba zosungira zomera zouma zakalekale. Pali zomera zina zimene zimayamwa chitsulo modabwitsa. Mtengo wa Pycnandra acuminata wa ku New Caledonia uli ndi utomoni wobiriwira umene, ukauma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi nickel. Chomera chimalowa m'gulu limeneli masamba ake ouma akapitirira 1,000 mg/kg ya nickel. Wofufuza za zomera Antony van der Ent ndi anzake ayeza masamba ouma masauzande ambiri osungidwa ku New Caledonia ndi ku Sabah ku Malaysia, n'kupeza mitundu yambiri imene palibe ankadziwa kuti imachita zimenezi. Tsamba lothyoledwa zaka 100 zapitazo silingasungunulidwe mu asidi, koma likhoza kuwalitsidwa kwa theka la mphindi n'kubwezedwa m'kabati lili lonse. Kumenekonso misampha ilipo: tsamba ndi lopyapyala, lamatidwa papepala, ndipo akale ankapaka masamba ena mankhwala a mercury pothamangitsa tizilombo, moti mercury wotuluka pagalasi ndi wa wosunga, osati wa mtengo.

Pakati pa mbali ziwirizi pali zinki, ayironi, manganese, kashiamu ndi potaziyamu m'masamba ndi m'mbewu. Awa amapezeka pa makumi, mazana kapena masauzande a mg/kg, choncho amayezeka bwino ngati sampulo yauma, yaperedwa, ndipo calibration ndi yoyenera. Oweta mbewu zatsopano amagwiritsa ntchito XRF, makamaka ya patebulo, posankha mitundu ya mpunga ndi tirigu yokhala ndi zinki wochuluka pakati pa mitundu mazanamazana, kenako yopambanayo n'kukaitsimikiza ku labotale yaikulu.

Dzanja lisakhale kumbuyo

Chomaliza chikukhudza thupi la woyeza. Cheza chotuluka pakazenera kaja ndi X-ray weniweni, ndipo pafupi ndi kamphuno chimakhala champhamvu. Chitsulo chokhuthala chimameza pafupifupi chonse. Tsamba, kathumba ka ufa kapena paketi ya zokometsera zimachilola kudutsa, komanso zimachimwazira m'mbali kuposa mmene chitsulo chimachitira. Ndiye kuti zinthu zooneka zofewa ndi zosaopsazi ndi zimene zimaika woyeza pangozi kwambiri. M'timavidiyo tina mumaona munthu atagwira kapaketi m'dzanja lamanzere, kamakina kudzanja lamanja, n'kudina batani cheza chikulunjika pachikhatho. Opanga makinawa amaletsa zimenezi mwamphamvu, ndipo amagulitsa timabokosi totchinga cheza momwe sampulo imaikidwa chivindikiro chitatsekedwa. M'mayiko ambiri, kuti munthu akhale ndi kamakinaka amayenera kukalembetsa ku bungwe loona za cheza ndi kuphunzira kagwiritsidwe ntchito kake asanakayatse.